Mbewa ya pa Khrisimasi

Azungu amene bambo anga ankawaphikira ku Namiwawa atatsala pang'ono kubwerera kwawo mu 1999, anawapatsa TV, deki ya vidiyo ndi katoni yodzaza matepi. Bambo anabwera nazo pa wilibala ya hayala kuchokera pa siteji mpaka pakhomo pathu ku Ndirande, atazifunditsa chitenje kuopa fumbi. Amayi anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ana bambo, n'kufunsa kuti, "Ndiye thukuta la zaka zonsezi ndi limeneli? Tizidya kanema?" Bambo sanayankhe. Anali atagwada kale kuseri kwa kabati, akufunafuna pobaya chingwe cha magetsi.

Matepi ambiri m'katonimo analibe ntchito kwa ife. Ena anali a gofu, ena a azungu ongokhala pamipando n'kumayankhula mpaka tulo. Koma panali imodzi yolembedwa ndi bolopeni pamsana kuti Xmas cartoons. Wina wake kwawoko anaijambula kuchokera pa TV, mwina zaka zingapo zotsatizana, chifukwa katuni ina inkayamba mutu wake utadulidwa, ina inkatha n'kulowa malonda a chokoleti, ndipo pakati pa tepiyo panali malo amene chithunzi chinkanjenjemera ngati chili ndi malungo. Chaka chimenecho ndi chimene TVM inayamba kuulutsa, moti m'dera lathu nyumba zokhala ndi TV zinali zowerengeka. Yokhala ndi deki inali yathu yokha. Ine ndinali ndi zaka 9.

Bambo analamula kuti tepi imeneyo ndi ya pa Khrisimasi basi. Masiku ena onse inkakhala m'sutikesi, pamodzi ndi mtchatho wa ukwati ndi makadi athu a sikelo. Pa 25 Disembala, tikabwera ku tchalitchi n'kudya mpunga wa nkhuku, ana a mzere wonse ankadzaza pabalaza pathu, ena pansi, ena pawindo, onse akununkha sopo ndi zovala zatsopano za pakaunjika. Amayi anaganizapo zoti tizilipiritsa ngati mmene ankachitira a mavidiyo sho kumsika. Bambo anakana. Anati tsiku lobadwa mwana salipiritsa alendo.

Masiku ano ndimadya za kumasulira. Ndimamasulira timabuku ta zaumoyo, mafomu a kafukufuku, ndipo mwayi ukapezeka, nkhani zopeka. Anthu akandifunsa kumene ndinaphunzira ntchitoyi ndimatchula yunivesite, poti ndilo yankho limene amadikira. Koma womasulira woyamba amene ndinamuona ali pantchito anali bambo anga, ataima pambali pa TV, m'manja muli rimoti yopanda mabatire imene ankalozera nayo ngati ndodo ya aphunzitsi. Chingerezi chawo chinali cha kukhitchini. Ankadziwa mayina a supu osiyanasiyana, ankamva dona akamakalipa, ankatha kuwerenga buku la maphikidwe. Timawu totswina ta ku America ta m'ma 1930 sindikhulupirira kuti ankatimva kwenikweni. Mwayi wake makatuni akale sayankhula zambiri. Zochuluka amanena ndi nyimbo ndi thupi, ndipo mpata wotsalawo bambo ankaudzaza ndi zawo.

Mayina enieni a makatuniwo ndinawadziwa nditakula, nditayamba kuwasaka pa intaneti mmodzimmodzi. Nthawi imeneyo tinkangoti ya pusi, ya galu, ya agogo a babu, ya nkhondo.

Ya pusi ndi imene ndimaikonda mpaka lero. Ndi ya Tom ndi Jerry, dzina lake The Night Before Christmas, ndipo inali yachitatu chabe mwa makatuni onse a awiriwa amene William Hanna ndi Joseph Barbera anapanga ku kampani ya MGM. Inatuluka pa 6 Disembala 1941. Mawa lake ndege za Japan zinaphulitsa Pearl Harbor, America n'kulowa nkhondo. Nkhani yake ndi yaifupi. Jerry akutuluka kuuna kwake usiku, akulambalala msampha umene auikira tchizi chomangidwa kariboni, n'kuyamba kusewera ndi mphatso zili pansi pa mtengo. Akudumphadumpha pa zidole zofewa, osadziwa kuti chimodzi mwa izo ndi mimba ya Tom. Kuthamangitsana kukuyamba, mpaka Jerry akuthawira panja kudzera pa kabowo koponyera makalata ka pachitseko. Tom akutseka kabowoko ndi katundu, n'kukagona pafupi ndi moto. Koma tulo tikukana. Mphepo ikulira panja, ndipo iye akungotembenuka.

Vuto loyamba linali zoyera zimene zinkagwa panjapo. Ife Khrisimasi tinkaidziwa ndi matope, mango, ngumbi ndi chimanga chofika m'mawondo. Mwana wina anafunsa ngati unali ufa. Bambo akanatha kunena kuti matalala, monga anachitira omasulira Baibulo lakale lija, koma matalala tinkawadziwa: amagwa mwaukali, amaboola masamba, amalira padenga. Izi zinkatsika phee ngati nthenga. Mawu akuti chipale chofewa, amene ndimawalemba lero ndikapanikizika, sindinawamvepo m'kamwa mwa munthu wa ku Ndirande. Bambo anaganiza pang'ono n'kuti, "Mukuidziwa mbali ya m'mwamba ya firiji, muja mumachita zoyera? Kwawoko dziko lonse limalowa m'menemo." Ambiri mwa anawo firiji anali ataiona ku golosale kokha, koma anali atagulapo mafirizesi, ndipo onse anakoka mpweya.

Vuto lachiwiri ndimalimbana nalo mpaka pano. Kodi Jerry ndi chiyani? Chingerezi chimasiyanitsa tinyamati potengera msinkhu, kakang'ono dzina lake, kakakulu dzina lake. Ife timayang'ana kumene kamakhala ndi zimene timachita nako. Mbewa ndi ya kumunda, timaikumba, ndi ndiwo. Khoswe ndi wa m'nyumba, ndi mbava, ndipo palibe amene amamuika mumphika. Jerry amakhala m'nyumba ndipo amaba, ndiye bambo ankamutcha khoswe, anawo n'kumachemerera pusi. Koma atangotulukira pa kabowo kaja n'kuyamba kuyendayenda m'chisanu, mapazi akumira, bambo anatsitsa mawu n'kuti, "Taonani kambewa kaja." Palibe anafunsa kuti khoswe wapita kuti. Pabalaza ponse panangoti zii.

Kenako Tom akutuluka, akum'peza Jerry atauma gwa, akum'nyamula kumchira ngati kamtengo, n'kukamuyandikiza pamoto. Amene anajambula zimenezi ku California ankafuna kuti woonera agwidwe chifundo. Ana a ku Ndirande anaona mbewa ili pakamtengo pamwamba pa makala, ndipo anakuwa onse pamodzi kuti, "Akuiwamba!" Mlongo wanga wamng'ono analira. Apa ndi pamene dzina limene bambo anasankha linawatembenukira, ndipo anachita kukweza rimoti m'mwamba kuti phokoso lithe. "Dikirani," anatero. "Pusi ameneyu lero wasala." Jerry atatsitsimuka, Tom anam'patsa switi yopindika ngati ndodo ya nkhalamba. Jerry naye anam'letsa Tom kumwa mkaka, n'kuvuulamo msampha umene unabisidwa m'mbalemo. Pomaliza anakoka tchizi chija ndi switiyo, ndipo msampha wa pauna pake, m'malo mofwamphuka, unatsika pang'onopang'ono ukuimba kanyimbo ka Khrisimasi. Ndaionera kambirimbiri katuni imeneyi ndili wamkulu, ndipo chimene chimandigwira ndi chakuti palibe amene akupepesa mnzake. Aliyense akudziwa kuti mawa m'mawa athamangitsananso.

Ya agogo a babu sitinkailemekeza kwenikweni, ngakhale tinkaseka. Ndi ya abale awiri, Max ndi Dave Fleischer a ku New York, omwe aja a Popeye ndi Betty Boop. Inatuluka mu 1936, ndipo dzina lake ndi Christmas Comes But Once a Year. Ana a kunyumba ya amasiye akudzuka m'mawa mosangalala, koma zidole zimene alandira n'zakutha, zikuthyoka akangozigwira, ndipo onse akubwerera kukagona akulira. Nkhalamba ina yotchedwa Grampy ikumva kulirako, ikuvala chipewa chokhala ndi babu pamwamba, babuyo ikuyaka nzeru zikabwera, kenako ikulowa kukhitchini n'kusandutsa miphika, maketulo ndi masipuni kukhala zoseweretsa. Mtengo wa Khrisimasi ikuupanga ndi maambulera obiriwira, n'kuuimika pa galamafoni kuti uzizungulira.

Anyamata a mzere wathu, amene ankapanga galimoto za mawaya zokhala ndi chiwongolero chofika m'chiuno, matayala a zitsekerero za mabotolo, sanaone chodabwitsa. Mmodzi anafunsa kuti, "Nanga ana amenewa alibe manja?" Amayi, amene ankati saonera zachibwana koma ankaima pakhomo ndi mbale m'manja, anadandaula za ziwiya. Anati mawa anawo aphikira chiyani. Bambo okha ndi amene ankaikonda ndi mtima wonse, ndipo chiwiya chilichonse ankachitchula dzina lake ndi ntchito yake chisanasanduke chidole. Inali katuni yokhayo imene ngwazi yake inagwirira ntchito kukhitchini.

Ya nkhondo inali ina. Hugh Harman anaipanga ku MGM, n'kuitcha Peace on Earth, ndipo inatuluka mu Disembala 1939, patangopita miyezi itatu nkhondo itayamba ku Ulaya. Imayamba ngati zina zonse, ndi nyimbo ndi tinyumba towala usiku. Koma ukayang'anitsitsa, tinyumbato ndi zipewa zachitsulo za asilikali. Tiana tiwiri ta gologolo tamva mawu akuti anthu m'nyimbo, ndipo tikufunsa agogo awo kuti anthu n'chiyani. Agogowo akuti kulibenso, anathana okhaokha. Pamenepo zojambula zimasintha. Kumabwera asilikali ooneka ngati enieni, ovala zophimba kumaso zokhala ndi chitamba, akuyenda m'matope, mpaka atatsala awiri okha, n'kuomberana. Womalizayo akumira m'madzi, dzanja lokha lili m'mwamba.

M'katunimo gologolo wokalambayo amati anthu ankapezera chifukwa chilichonse chomenyanirana, mpaka osadya nyama anayambana ndi odya nyama. Bambo anati a nsima ya kondowole anayambana ndi a nsima ya chimanga. Ife ana tinaseka chifukwa zinali zoseketsa. Akuluakulu amene anali kumbuyo anaseka kuseka kwina, kwakufupi. Chisankho cha mu Juni 1999 chinali chisanaiwalike, pamene mavoti anagawikana potengera zigawo. Zimenezo ndinadzazimvetsa patapita zaka zambiri.

Agogo anga aakazi, amene anabwera kudzadya nafe Khrisimasi ya 2000, anaonera asilikali aja osaphethira. Mlongo wawo anapita ku Burma ndi asilikali a KAR, ndipo anabwerako wosayankhulayankhula. Chimene chinawadzutsa pampando chinali cha pambuyo pake. Nkhondo itatha, nyama zikutuluka m'tchire, zikulowa m'tchalitchi chogumuka, zikupeza buku la malamulo, ndipo amene akuziwerengera lamulo loletsa kupha ndi kadzidzi. Kwa azungu kadzidzi ndi mbalame yanzeru. Kwa agogo, kadzidzi akalira padenga ndiye kuti pakhomo pagwa maliro. "Mbalame imeneyo ikuwerenga Baibulo?" anafunsa. Bambo anayesa kufotokoza kuti kwawoko kadzidzi ali ngati mphunzitsi. Agogo anati n'chifukwa chake anatha. Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Chaka chotsatira bambo atafika pamenepo anangoti kadzidziyu anatembenuka mtima, ndipo panalibe wotsutsa.

Hanna ndi Barbera anadzaipanganso katuni imeneyi mu 1955 ndi dzina lakuti Good Will to Men, m'malo mwa agologolo n'kuikamo mbewa, m'malo mwa mfuti n'kuikamo mabomba othetsa dziko. Ndinaionera kamodzi. Yoyamba ija ndiyo imandiopsabe, mwina chifukwa cha dzanja lija.

Panalinso ya Pluto ndi tiagologolo tiwiri tamizeremizere tobisala mumtengo wa Khrisimasi, ya 1952, imene sinkafuna womasulira ngakhale pang'ono. Bambo ankapezerapo mpata womwa madzi.

Kumapeto kwa tepiyo, makatuni a Khrisimasi atatha, wojambula uja anadzazako ndi a Tom ndi Jerry wamba. M'menemo munali mayi wina wakuda, wonenepa, wa masilipasi ndi masokosi okwinyika, amene ankabwera ndi tsache kudzakalipira pusi. Ankaoneka kuyambira m'mapewa kutsika, nthawi zambiri miyendo yokha. Tsiku loyamba mwana wina anafunsa kuti ameneyo ndani, wina n'kuyankha msanga kuti ndi wantchito. Bambo anati ayi. "Awa ndi eni nyumba. Pusiyu ndi wawo, firijiyi ndi yawo, mbale zikuswekazi anagula okha." Ndipo akamamasulira mawu a mayiyo sankawaseketsa. Ankawayankhulitsa ngati amayi a mvano, mwaulemu koma mosabweza, ndipo nthawi zonse ankati awa, osati uyu.

Nditakula ndinawerenga mbiri ya mayi ameneyu. Anthu amamutchula kuti Mammy Two Shoes. Mawu ake ankayankhula ndi Lillian Randolph, katswiri wa zisudzo wachikuda, ndipo anaoneka m'makatuni kuyambira 1940 mpaka 1952. Anatengedwa ku chithunzi chakale chimene azungu a ku America ankakonda kujambula, cha mayi wakuda wantchito, waphokoso, woyankhula Chingerezi chimene iwo ankachiseka. M'ma 1960, pokonzekera kuonetsa makatuniwa pa TV, ena anawajambulanso n'kuikamo mzungu m'malo mwake. Si iye yekha. Mu Santa's Workshop ya Disney, ya 1932, munali chidole chakuda chojambulidwa monyoza chimodzimodzi, ndipo pamene anachidula mu 2012, ku Sweden, kumene mabanja amaonera makatuni a Disney madzulo a pa 24 Disembala chaka ndi chaka, kunabuka mkangano wa m'manyuzipepala.

Nditawerenga zimenezi ndinakwiya, ndipo mkwiyo wina unagwera bambo. Ndinkaona ngati anatinamiza. Munthu amene anatha zaka akulowera khomo la kuseri, amene alendo a bwana ankadziwa manja ake obweretsa mbale koma osati dzina lake, sakanalephera kuzindikira chimene miyendo ija inkatanthauza. Ku yunivesite anatiphunzitsa kuti womasulira asakonze zimene mwini nkhani analakwitsa. Ngati mawu ndi onyoza, owerenga ali ndi ufulu wodziwa kuti anyozedwa. Ndimakhulupirirabe zimenezo, ndipo ndakanapo ntchito imene ankafuna kuti ndifewetse mawu a munthu amene sanali ofewa. Koma kenako ndinapeza katuni ya 1950, Saturday Evening Puss, mmene mayi yemweyo akudzikongoletsa ndi zibangili ndi mphete, akupita kukasewera makadi ndi anzake, n'kubwerera mwaukali atamva kuti pusi waitanitsa phwando m'nyumba. Palibe dona, palibe bwana. Sindikunena kuti ojambulawo anali ndi mtima wabwino. Ndikungoti bambo anaona kampata kamene kanalipodi, n'kulowetsapo ana khumi ndi angapo amene amayi awo ambiri ankachapa zovala za anthu ena ku Nyambadwe ndi ku Sunnyside.

Ya galu ndaisiyira kumapeto dala. Ndi Mickey's Good Deed, ya 1932, yopanda mitundu, yopangidwa pamene chuma cha America chinali chitagwa ndipo anthu mamiliyoni analibe ntchito. Mickey wa mmenemo si uja wonenepa masaya wa pa zikwama za ana a sukulu. Ndi wosauka, akuimba mumsewu ndi chigitala chachikulu choimika pansi, chimene bambo ankachitcha babatoni, ndipo odutsa akumuponyera m'kapu misomali ndi mabawuti m'malo mwa ndalama. Mwana wa munthu wolemera waona Pluto pawindo ndipo akulirira kuti amugulire. Mickey akukana. Kenako chigitala chija chikuphwanyika, ndipo iye akusuzumira m'nyumba ina mmene mayi akulira, ana ambirimbiri ali mtulo, mphatso palibe, chakudya palibe. Akubwerera kwa wolemera uja, akugulitsa galu wake, n'kugulira anawo zinthu. Pomaliza ali yekha paphiri, akuwotcha kasoseji, moyang'anizana ndi galu amene wamuumba ndi zoyera zija. Mwadzidzidzi Pluto weniweni akutulukira, atathamangitsidwa kwa olemera kuja, nkhukundembo yowotcha ili kumchira.

Khrisimasi ya 2001 tinaionera tilibe mpunga. Chimanga chinali chitakwera mtengo kangapo konse chikololereni, bambo ankangogwira maganyu ophika pa maukwati, ndipo nyengo imeneyo maukwati anachepa. Tinadya nsima ya mgaiwa ndi bonongwe, n'kugawana botolo limodzi la Sobo wosungunula kwambiri. Ana anabwerabe, koma ankaseka mochedwa. Pa malo amene Mickey akupereka chingwe cha galu, bambo, amene zaka ziwiri zapitazo ankaikapo nthabwala ya mtengo wa galu ku Limbe, sananene kanthu. Anangoima ndi rimoti yawo mpaka chithunzi chinasintha.

Mu Febuluwale 2002, mwezi umene boma linalengeza kuti m'dziko muli njala, deki inapita. TV inatsatira patapita milungu iwiri. Anagula ndi munthu wina wa vidiyo sho, ndipo bambo anabwera ndi thumba la chimanga losadzaza ndi kathumba ka madeya. Amayi, amene anafunsa zaka zitatu m'mbuyomo ngati tizidya kanema, sanakumbutse. Mpaka lero sanakumbutsepo, ngakhale kuti tinaidyadi. Usiku umenewo mlongo wanga, ali ndi zaka 6, anafunsa ngati deki idzabwerenso yokha ngati galu uja. Bambo anati tidzaona.

Tepi ija sanaigulitse. Wogulayo anaifuna, iwo anati yatayika. Inakhalabe m'sutikesi, ndipo pa Khrisimasi ya 2002 anaitulutsa n'kuiika patebulo, pamalo pamene panali TV. Ana ochepa anabwera mwa chizolowezi. Bambo anaima pambali pa tebulolo n'kuyamba kufotokoza kuyambira pa msampha wa kariboni, mwa ndondomeko yake, osadumpha ngakhale malonda a chokoleti. Pamene tepi inkanjenjemera, iwo ankagwedeza mutu ndi mapewa. Ndinali ndi zaka 12, msinkhu wochita manyazi ndi makolo, ndipo ndinakhala pakhomo ndikuyang'ana kunja kuti anzanga asandione. Koma ndinamva zonse, ndipo ndinazindikira kuti Pluto wa chaka chimenecho anachedwa kubwera. Bambo anamusiya Mickey paphiri paja nthawi yaitali, akutembenuza kasoseji kake, mpaka mwana wina anachita kufunsa kuti, "Nanga galu?"

Tepiyo ndili nayo ine tsopano. Inachita nkhungu m'kati, ndipo ngakhale ikanakhala yabwino, sindikudziwa kumene ndingapeze deki. Makatuniwo ndinawapeza pafupifupi onse. Ya Grampy ili paliponse pa intaneti chifukwa umwini wake unatha kalekale, ndipo ndi oyera bwino kuposa mmene tinkawaonera. Ndikawaonera ndekha ndimamva Chingerezi chonse, nthabwala zimene bambo anaziphonya, ndi zina zimene anachita bwino kuziphonya. Koma amandionekera aafupi. Ambiri ndi a mphindi 7 kapena 8 basi. Ndinkaganiza kuti ya pusi yokha inkatha ola.

Khrisimasi yapitayi ndinapita kumudzi ku Mulanje, kumene makolo anga anabwerera, nditatenga mwana wanga wamkazi wa zaka 7. Makatuniwo ndinawaikiratu mufoni tili m'tauni, poti netiweki ya kumeneko imafuna kukwera pachulu. Maso a bambo anachita ng'ala. Amaona kuwala ndi mthunzi, koma kafoni sangakaone. Titadya, mvula ikuwaza pamalata, mwanayo anakhala pamiyendo pawo n'kuyamba kuwauza zimene zikuchitika. Amaphunzira sukulu ya Chingerezi, ndipo amamasulira molondola kuposa mmene agogo ake anachitirapo. Bambo akati gologolo wanena za kondowole, iye ankati, "Ayi agogo, sanatero." Akati kadzidzi anatembenuka mtima, iye ankati palibe pamene asonyeza zimenezo. Bambo ankangoseka n'kumuuza kuti apitirize.

Pa ya pusi anamvetsera nyimbo mutu uli pansi. Mphepo itayamba kulira anafunsa kuti, "Watuluka panja?" Mwanayo anati eya, khoswe uja ali panja. "Ndiye si khoswenso ameneyo," anatero bambo. Mwanayo anandiyang'ana kuti ndiweruze, poti amadziwa ntchito yanga. Ndinati amvere agogo ake.

Makatuni atatha bambo anakhala ngati akudikira kanthu. Kenako anati, "Nanga mayi aja a masilipasi?" Amenewo ndinawasiya dala. Ndinali nditaganiza kwa masiku angapo, n'kuona kuti sindinakonzeke kufotokozera mwana wa zaka 7 chifukwa chimene munthu yekhayo wofanana naye m'makatuni onsewo alibe mutu. Ndinawayankha kuti bandulo inandithera. Bambo anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga, ndipo ndinadziwa kuti sanakhulupirire.

"Chaka chamawa udzabwere nawo," anatero. "Mwanayu adzandiuze za miyendo. Nkhope ndidzamuuza ine."